Sikelo yobisika m'mimba mwa synthesizer

Mlimi aliyense amene anagulitsapo soya kapena mtedza kwa mavenda amadziwa kuti sikelo imanama m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya poyera: mbedza ilibe kanthu, koma muvi sunaime pa ziro, wabwerera m'mbuyo ndi kilogalamu imodzi. Mukoleke ndowa, mukoleke thumba, kilogalamu yomweyo ndi imene izisowa. Bodza limeneli silivuta kuligwira, ndipo kulikonza n'kungopotokola kachitsulo ka pamwamba paja mpaka muvi ubwerere pamalo pake. Njira yachiwiri ndiyo yoliza anthu. Muvi uli pa ziro bwinobwino, wavenda akuchita kukuonetsani, koma sipuling'i ya m'kati ndi yolimba kuposa muyeso wake. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi ioneka ngati yakwana, chifukwa magalamu 40 osowawo diso silingawaone pa muvi. Kolekani thumba la makilogalamu 50, muvi ukaima pa 48. Katundu akamakula, bodza nalo likukula.

Amisiri okonza zoimbira zamagetsi amalimbana ndi mabodza awiri omwewa, kungoti sikelo yawo imapima magetsi, ndipo muvi wake ndi liwu lotuluka m'sipika. Ndikunena za synthesizer ya analog, makina oimbira amene anayamba kutchuka ku America m'zaka za m'ma 1960, omwe mpaka lero anthu akuwagulabe, ena n'kumadzipangira okha kunyumba. Kiyibodi ya ku tchalitchi kwanu si ya mtundu umenewu. Iyo ndi ya digito: m'kati mwake muli kakompyuta kowerenga manambala motsatira kawotchi ka quartz, choncho do wake wa lero ndi yemweyo wa chaka chatha. Mu analog mulibe chowerenga. Mukadina kiyi, kiyiyo siimba. Imangotumiza magetsi a muyeso wakutiwakuti pa waya, ndipo gawo lotchedwa oscillator limalandira magetsiwo n'kuwasandutsa liwu. Magetsi akakwera liwu limakwera, akatsika nalo limatsika. Funso ndi lakuti akwere motani kuti liwu lichoke pa do kufika pa re, osapitirira, osaperewera.

Yankho limene ambiri anatsatira linachokera kwa Robert Moog, yemwe anali ndi kafakitale ku Trumansburg m'chigawo cha New York. Mu 1964, mothandizana ndi woimba Herbert Deutsch, Moog anapanga zigawo zake zoyamba zolamulidwa ndi magetsi n'kukazionetsa ku msonkhano wa Audio Engineering Society. Muyeso umene unakhazikika kuchokera ku ntchito yake ndi wosavuta kuukumbukira: volt imodzi pa octave imodzi. Octave ndi mtunda wochoka pa do kukafika pa do wotsatira wapamwamba. Pakati pakepo pali masitepe 12, mukawerenga makiyi oyera ndi akuda omwe, kotero sitepe iliyonse imafuna ma millivolt 83.3. Otchuna amagawanso sitepe imodzi m'tizigawo 100 totchedwa masenti, ndipo senti imodzi ndi ma millivolt 0.83. Batire ya tochi ili ndi ma millivolt 1,500. Mukaphonya ndi 10 okha, liwu lasuntha ndi masenti 12, ndipo wakwaya wa khutu labwino ayamba kale kucheukira mnzake.

Ubwino wa muyeso umenewu ndi wakuti nyimbo imasanduka masamu ophatikiza. Mukufuna kuti nyimbo yonse ikwere ndi octave? Onjezani volt imodzi pa zonse. Mukufuna kuti do watsopano akhale pamene panali so? Onjezani ma volt 0.583, omwe ndi masitepe 7. N'chifukwa chake pamene Dieter Doepfer wa ku Germany anatulutsa makina ake a A-100 mu 1995, amene anabala mtundu wonse wa Eurorack, anatenga muyeso womwewu, ndipo lero zigawo zopangidwa ndi makampani mazanamazana zimamvana pa waya umodzi.

Pali malo amodzi pamene sikelo ya wavenda ndi synthesizer zimasiyana, ndipo ndi pomwe pali gwero la mavuto. Pa sikelo, kilogalamu iliyonse imakoka sipuling'i mtunda wofanana. Mawu sayenda choncho. Liwu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo la amene oimba amatchunira zida zawo amanjenjemera ka 440 pa sekondi, kapena kuti ma hertz 440. La wa pansi pake ndi 220, wa pansi pakenso 110. Wa pamwamba ndi 880, kenako 1,760. Khutu limamva ngati mitunda yonseyi ndi yofanana, koma pa manambala octave iliyonse ndi kuwirikiza kawiri. Kuchoka pa 110 kufika pa 220 mwaonjeza 110 basi, pomwe kuchoka pa 880 kufika pa 1,760 mwaonjeza 880. Ndiye kuti m'kati mwa oscillator muyenera kukhala kanthu kosandutsa kuphatikiza kukhala kuwirikiza, koti volt imodzi iliyonse ikabwera, liwiro la kunjenjemera lizichulukitsidwa kawiri.

Mwamwayi, transistor wamba, yonga ya m'wailesi yakale, ili ndi khalidwe limeneli mwachibadwa. Pa kutentha kwa m'nyumba, mukakweza magetsi pa mwendo wake wotchedwa base ndi ma millivolt pafupifupi 18, magetsi oyenda kudutsa mu transistor amawirikiza kawiri. Onjezani 18 ena, awirikizanso. Choncho ntchito ya mmisiri ndi kutenga volt imodzi yochokera ku kiyibodi n'kuichepetsa pafupifupi ka 56 kuti ikafike pa transistor ili ma millivolt 18. Kuchepetsako kumachitika ndi ma resistor angapo, ndipo pakati pawo pamakhala kamodzi kopotokola ndi sikuludiraiva, kotchedwa trimmer. Pa bolodi ena amalembapo scale, ena 1V/oct, ena width. Kameneka ndiye sipuling'i ya sikelo yathu. Kachitsulo ka ziro kali panja, poonekera: ndi chopotokola chija chalembedwa tune.

Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa chopotokola cha tune chili pafupi ndi dzanja pomwe trimmer ili kuseri kwa chivundikiro. Woimba wamva kuti makiyi a kumtunda akumveka otsika. Akweza tune mpaka akhale bwino. Akabwerera ku besi apeza kuti yakwera mopitirira. Aitsitsa, kumtunda kwaonongekanso. Atha kutaya madzulo onse akuchita zimenezi, chifukwa tune imanyamula makiyi onse pamodzi mofanana. Siingatalikitse kapena kufupikitsa mtunda wa pakati pawo. Mlimi amene wapempha wavenda kuti asunthe ziro kuti thumba la 50 liwerengedwe 50 wangochititsa kuti mbedza yopanda kanthu izionetsa makilogalamu awiri. Sipuling'i ikadali yomwe ija.

Kuti mudziwe bodza lomwe muli nalo, yerekezani makiyi otalikirana. Ngati do wa pansi waphonya ndi masenti 20 ndipo do wa ma octave anayi pamwamba waphonyanso ndi 20, mbali yomweyo, vuto ndi la ziro. Ngati wa pansi ali bwino, wotsatira waphonya pang'ono, winayo kwambiri, ndiye kuti ndi sikelo. Ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Kulakwika kwa gawo limodzi pa 100 kumabweretsa masenti 12 pa octave yoyamba, 24 pa yachiwiri, ndipo pa yachisanu afika 60, kuposa theka la sitepe. Liwu loterolo lili pafupi ndi kiyi ya pambali kuposa kiyi yomwe mwadina. N'chifukwa chake opanga osamala saika ma resistor wamba panjira ya magetsi a liwu. Amafuna aja olakwika ndi gawo limodzi pa 1,000, amene amasiya senti imodzi ndi pang'ono pa octave.

Kachitidwe kake n'kofuna kuleza mtima osati nzeru zakuya. Muyatse makina n'kuwasiya atenthe kaye kwa mphindi 20 kapena 30. Mudine kiyi ya pansi, mupotokole tune mpaka liwu ligwirizane ndi chotchunira. Mudine kiyi ya dzina lomwelo ma octave atatu kapena anayi pamwamba. Ngati yakwera mopitirira, sikelo yatalika. Ngati yaperewera, yafupika. Mupotokole trimmer pang'ono. Ndiye mubwerere pansi, ndipo musadabwe kupeza kuti kiyi ya pansi ija yasunthanso, chifukwa pa makina ambiri trimmer imakokanso ziro. Muikonze ndi tune, mukwerenso, mubwererenso. Ulendo uliwonse kusiyana kumachepa. Odziwa ntchito sathamangitsa liwu la pamwamba kuti lifike pamalo pake ndi trimmer. Amangoyang'ana mtunda wa pakati pa awiriwo, ngati wakwana ma octave enieni, n'kusiya za ziro kumapeto. Wopanda chotchunira atha kugwiritsa ntchito khutu: mawu awiri oyandikana kwambiri akamalira pamodzi amamveka ngati akupuma wefuwefu. Liwu la 440 ndi la 441 limapuma kamodzi pa sekondi, ndipo kupumako kukamachedwa mpaka kuleka ndiye kuti afanana.

Mukamaliza zonsezi mutha kuganiza kuti nkhani yatha. Dzuwa silinavomereze. Ma millivolt 18 aja si okhazikika. Amakula limodzi ndi kutentha kwa transistor, pafupifupi 0.33 peresenti pa digiri iliyonse. Nambalayi ikuoneka yochepa, koma tengani makina opanda chitetezo chilichonse, otchunidwa m'mawa wa mu Juni, mukawayatse masana a mu Okutobala, kutentha kutakwera ndi madigiri 10 okha. Transistor tsopano ikufuna magetsi ochulukirapo kuti iwirikize kawiri, koma ikulandira omwe aja. Octave iliyonse ifupika ndi masenti pafupifupi 39, ndipo pa ma octave anayi mwataya masenti 155, sitepe ndi theka. Apa sipuling'i ikulimba yokha popanda wavenda woikhudza.

Kutentha kumasunthanso ziro, ndipo kumeneko kumasuntha mwamphamvu kwambiri. Mankhwala ake anapezeka msanga: ma transistor awiri ofanana ngati mapasa, oikidwa mogundana kapena opangidwa pa kachidutswa kamodzi ka silicon, olumikizidwa moti kusuntha kwa imodzi kumafafaniza kwa inzake. Koma mapasawa sachiritsa sikelo. Pa sikelo amisiri anapeza njira zingapo. Yotchuka ndi resistor yapadera yotchedwa tempco, imene mphamvu yake yotchinga magetsi imakula ndi 0.33 peresenti yomwe ija pa digiri. Amaimata pamwamba pa ma transistor kuti zizitenthera limodzi, ndipo transistor ikamafuna ma millivolt ochulukirapo, tempco nayo imakhala ikupereka ochulukirapo. Ikangokhala patali ndi ma transistor, kapena mphepo ikamaomba imodzi n'kusiya inzake, mankhwalawo sagwira bwino. Njira ina ndi yokakamiza: kutenthetsa ma transistor dala kuposa kutentha kulikonse kwa m'chipinda n'kuwasunga pomwepo, kuti nyengo ya panja isawakhudze. Chip ya µA726 ya kampani ya Fairchild inali ndi kotenthetsera m'kati mwake, ndipo ma Minimoog, makina a kampani ya Moog, a m'zaka zomalizira anaigwiritsa ntchito. Kenako Doug Curtis anapanga CEM3340, oscillator yathunthu pa chip imodzi yokhala ndi chitetezo cha kutentha m'kati momwemo, imene inalowa m'makina monga Roland SH-101 ndi Memorymoog. Kudikira mphindi 20 zija si mwambo chabe. N'kudikira kuti zonse za m'bokosimo zifike pa kutentha kumene zinali nako tsiku lotchunidwa.

Sipuling'i iliyonse ikakokedwa kufika kumapeto imasiya kumvera lamulo lake, ndipo oscillator nayo imatero ku makiyi a pamwamba kwambiri. Ma oscillator ambiri amapanga liwu podzaza kosungira magetsi kotchedwa capacitor n'kukakhuthula mwadzidzidzi, mobwerezabwereza. Kudzaza kumafulumira liwu likamakwera, koma kukhuthula kumatenga nthawi yofanana nthawi zonse. Tiyerekeze kuti kumatenga ma microsecond awiri. Pa ma hertz 100, ulendo umodzi ndi ma microsecond 10,000, kotero awiriwo sali kanthu. Pa ma hertz 5,000 ulendo ndi ma microsecond 200, ndipo awiri aja tsopano ndi gawo limodzi pa 100; liwu latsika ndi masenti 17. Nayonso transistor ikamadutsa magetsi ambiri imayamba kuperewera pa kuwirikiza kwake, n'kuonjezera kutsikako. Pa chifukwa chimenechi makina abwino amakhala ndi trimmer inanso, yolembedwa HF, yokankhira m'mwamba makiyi a kumapeto okha. Imeneyi muikhudze pomalizira, sikelo ya pansi ndi pakati itakhala kale. Woyamba ndi HF, kapena wotchuna sikelo poyerekeza ndi kiyi yomalizira yeniyeni, amapinda pakati ponse kuti akondweretse nsonga.

Tsopano chenjezo lomwe ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse. A Malawi Bureau of Standards akamayendera masikelo amabwera ndi miyala yawo yoyesera, yodziwika kulemera kwake. Simungakonze sikelo ndi mwala wonama. Ma oscillator ambiri osalakwa apotokoledwa trimmer pomwe cholakwa chinali magetsi obwera. Musanatsegule chivundikiro, ikani multimeter yodalirika, chida chopimira magetsi, pa waya wochokera ku kiyibodi, mudine ma do otsatizana, muone ngati akusiyana ndi volt imodzi ndendende.

Ndipo muyese waya uli wolumikizidwa, osati uli padera, chifukwa magetsi amatayika panjira. Zotumiza zambiri zili ndi resistor ya ma ohm 1,000 potulukira, yoziteteza, pomwe oscillator polowera pake pamakhala ma ohm 100,000. Ziwirizi zikakumana, pafupifupi gawo limodzi pa 100 limatsalira m'njira, masenti 12 pa octave. Kulumikiza ma oscillator atatu pa waya womwewo kumafikitsa kutayikako pafupi ndi magawo atatu pa 100, masenti 35 pa octave. Zili ngati thumba lomwe likukhudza pansi pomwe likupimidwa: sikelo ndi yabwino, koma sikulandira katundu yense. Woimba amangodabwa kuti dzulo oscillator imodzi inkaimba bwino, lero waonjeza ziwiri zonse zaphonya. Mankhwala ake ndi kagawo kotchedwa buffered multiple, kamene kamalandira magetsi kamodzi n'kupatsa oscillator iliyonse muyeso wake wathunthu.

Masiku ano magetsi a liwu nthawi zambiri amachokera ku kompyuta kapena kiyibodi ya MIDI, njira yolumikizira zoimbira imene inayamba mu 1983. Nambala ya kiyi imasandutsidwa magetsi ndi chip yotchedwa DAC, ndipo DAC imayenda modumpha, ngati sikelo ya manambala imene imangodziwa theka la kilogalamu. Ya ma bit 12 ili ndi masitepe 4,096. Mukawatambasula pa ma volt 10, sitepe iliyonse ndi ma millivolt 2.44, pafupifupi masenti atatu. Zimapiririka. Ya ma bit 16 ili ndi masitepe 65,536, ndipo kudumpha kwake sikufika ngakhale pa gawo limodzi mwa asanu a senti. Odzipangira okha amakumananso ndi vuto lina: timakompyuta tambiri tating'ono timathera pa ma volt 3.3, omwe ndi ma octave atatu ndi pang'ono. Kuti afike ma octave 10 ayenera kukulitsa magetsiwo pafupifupi katatu ndi chip yotchedwa op-amp, ndipo pamenepo abala sikelo inanso yofuna trimmer yake, kapena manambala okonzera osungidwa mu pulogalamu.

Mavuto onsewa amachuluka makina akakhala ndi mawu ambiri. Prophet-5, imene Dave Smith ndi kampani yake ya Sequential Circuits anatulutsa mu 1978, inkaimba mawu asanu nthawi imodzi, liwu lililonse ndi ma oscillator awiri: masikelo 10 oyenera kugwirizana. Anaikamo kakompyuta ka Z80 ndi batani lolembedwa tune. Mukalidina, makina amakhala chete kwa kanthawi akudzipima okha n'kudzikonza. Pali okonda analog amene amati kuphonyaphonyako ndiko kukoma kwake, ndipo mbali ina akunena zoona. Ma oscillator awiri osiyana ndi masenti ochepa amatulutsa liwu lonenepa, lamoyo, lomwe amisiri a digito amachita kulitsanzira dala. Koma kusiyana kwadala kwa masenti atatu kapena anayi ndi nkhani ina, octave yofupika ndi nkhani inanso. Yachiwiriyi si kukoma, ndi makina ofuna sikuludiraiva.

Muyeso wa Moog sunatsatidwe ndi onse. Don Buchla, yemwe ankapanga makina ake ku California nthawi yomweyo, anadutsa njira yakeyake, ndipo makina a dzina lake amayendera ma volt 1.2 pa octave, zomwe zimapatsa sitepe iliyonse ma millivolt 100 osatsala kanthu. Mukawalumikiza ku kiyibodi ya volt imodzi, octave yanu ituluka masitepe 10 m'malo mwa 12. Kukonza kwake n'kukulitsa magetsi ka 1.2. Ku Japan, Korg ndi Yamaha anapanga makina ena oyendera hertz pa volt, monga Korg MS-20 ya mu 1978. Mmenemo magetsi enieniwo ndi amene amawirikiza: ngati volt imodzi ipereka ma hertz 55, awiri apereka 110, anayi 220, ndipo 8 apereka 440. Oscillator yotere siifuna transistor yowirikiza ija, kotero kutentha sikuivutitsa kwambiri, koma masamu ophatikiza aja amatha, ndipo makiyi a pansi amapanikizana pa timagetsi tochepa kwambiri. Lumikizani kiyibodi ya muyeso wa Moog ku makina otere, mudine ma do anayi otsatizana a ma volt 1, 2, 3 ndi 4. Mumva 55, 110, 165 ndi 220: do, do, so, do. Palibe trimmer ingakonze zimenezi, pamafunika kabokosi kosandutsa muyeso wina kukhala unzake. Korg itatulutsanso MS-20 yaing'ono mu 2013 inasunga hertz pa volt yomwe ija, choncho ngakhale wogula makina atsopano ayenera kuwerenga zolembedwa pa bowo asanalowetsemo waya.